Mabatire a Kangolo ka a Tsimphina

Halale,
Okutobala, 1958

Okondedwa akulu anga a Yeremiya,

Ndayamba ndi kukugwadirani, akulu, ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga a Margarida ndi ana onse pakhomopo. Nanga amayi ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Nyengo ino ya fumbi ndi imene chimawavuta kwambiri. Musamawalole kupita kudimba dzuwa lili pamutu, ngakhale ndikudziwa kuti kuletsa amayi n'kungotaya malovu. Ine kuno ndili moyo. Matenda ndilibe, koma msana ndi mapewa zikuphwanya, ndipo chifukwa chake muchimva m'kalata muno.

A Gaspar anafika bwino pa lole ya antchito, ndipo anandipeza Lamulungu lina chakumasana. Fodya ndi mtedza zija ndalandira, zikomo kwambiri. Titatha kudya ananditengera kuseri n'kundiuza mawu amene munawatuma. Akuti a Andreya, amalume awo a mkazi wanga, amake Lidiya, anabwera kwa inu monga ankhoswe anga, nanena kuti atopa kulimira mkazi wa mwini. Akuti mvula yoyamba ikagwa ine ndisanagwire khasu m'munda wa apongozi ku Mwaladzi, adzakuitanani kuti ukwati uthe, mwana wawo apeze mwamuna wooneka ndi maso.

Mawu amenewa ndawamva, ndipo chiyambire tsiku limenelo chakudya sichikutsika bwino. A Andreya sindikuwada ayi. Madzinja atatu apita ine ndili kuno, ndipo ndikanakhala ine mwini mbumba, bwenzi nditalankhula kalekale, mwinanso moposa pamenepo.

Koma ndikufuna mudziwe kuti sindine mtchona. Sindinakwatire kuno, ndipo ku mowa wa m'komponi sindipondako. Bulangeti la amake Lidiya ndi kadiresi ka mwana zili m'sutikesi, zopindapinda kale. Chimene chandigwira mwendo n'chochititsa manyazi kuchitchula, moti aphunzitsi a ku Nsadzo amene akukuwerengerani kalatayi akafuna kuseka aseke, ndawalola. Chandigwira ndi kangolo.

Paja ndinakuuzani kuti ndimagwira ntchito ya m'maluwa kwa mzungu wina wokalamba. Ife kuseri timawatcha a Tsimphina, chifukwa mwendo wawo wamanzere unaonongeka ku nkhondo. Nyumba yawo ili m'mphepete mwa bwalo la gofu. Gofuyo ndi masewera a azungu: amamenya kampira koyera ndi ndodo yachitsulo, n'kumakalondola mpaka kalowe m'kadzenje, akatero n'kuyambanso kufuna kadzenje kena. Bwalo lake ndi lalikulu kuposa minda ya mudzi wathu wonse, udzu wokhawokha wothiriridwa bwino, wopanda ndi phesi limodzi la chimanga. Mukanaliona mukanalira ndi nthaka imene ikungogona pamenepo. A Tsimphina masewerawa ndiye moyo wawo. Mwendo utayamba kukaniratu, ankangokhala pakhonde n'kumakalipira aliyense wodutsa, ngakhale nkhuku.

M'nyengo yozizira ija anagula kangolo kwa mzungu wina wa ku migodi amene ankabwerera kwawo. Sikatsopano ayi, kanatumikirapo kale. Kali ndi mawilo atatu, mpando wa anthu awiri, ndi chitsulo chokhotetsera. Sikamwa petulo, sikatulutsa utsi, ndiponso sikalira. Pansi pa mpando pamakhala mabatire asanu ndi limodzi, lililonse lolemera ngati mwala wa mphero, olumikizana ndi mawaya onenepa. Madzulo timakalowetsa m'shedi n'kukalumikiza ku bokosi lachitsulo lotchedwa tchaja, limene limakoka magetsi a m'nyumba n'kuwathira m'mabatiremo. Bokosilo limang'ung'udza mpaka kucha, ndipo lili ndi kasingano kosonyeza ngati mabatire akudya kapena akhuta.

Poti bwana anamva kuti ndinathandizapo dalaivala pa lole ya ku Kasakatiza ija, anati wosamala kangolo ndine. Kunena zoona ndinanyada. M'mawa ndinkakatulutsa m'shedi nditakhala pampando, khosi gwa, anzanga atagwira makasu n'kumandiyang'ana. Ndinkakapukuta mpaka kumawilo komwe.

Kanayenda bwino kwa kanthawi, kenaka kanayamba ulesi pokwera mtunda. Bwana ankati n'chifukwa chakuti iwo anenepa. Tsiku lina kanangoima pakati pa bwalo, kutali ndi nyumba, dzuwa likuswa mtengo. Akaponda chopondera, pansi pa mpando pankangomveka kuti tha, tha, basi.

Apa ndi pamene ndinadziputira, akulu. Kwathu munatilera kuti munthu wamkulu sasiyidwa padzuwa. Mkulu uja nkhope inali itafiira, thukuta lili chuchuchu, ndipo ndi mwendo uja sakanafika kulikonse. Ndikanatha kuthamangira kunyumba kukaitana Dona, mkazi wawo, kuti abwere ndi galimoto. Koma ndinangoona ngati ndi malemu atate akhala pamenepo, ndipo ndinazungulira kumbuyo, kuika phewa, n'kuyamba kukankha. Maganizo anga anali ongowafikitsa pamthunzi. Titafika pamthunzipo anati tisendere pang'ono pomwe panagwera kampira kawo. Anatsika, kumenya, n'kukweranso. Tinamaliza bwalo lonse motero, ndipo tsiku limenelo anapambana anzawo onse. Pobwerera anandipatsa ndudu, nandigwira paphewa, n'kunena m'Chilapalapa, chilankhulo cha pantchito kuno, kuti ndili ndi mphamvu kuposa mabatire onse a ku Amereka. Ine ndinaseka nawo ndithu, kuyesa kuti n'za tsiku limodzi.

M'mawa mwake ndinatukula mpando kuti ndione chimene chavuta. Pamitu ya mabatire panali patamera zinthu zoyera zobiriwirira ngati nkhungu, ndipo mawaya ena ankagwedera. A Narciso, akhukhi a pano, amene kwawo ndi ku Furankungo, anandipatsa madzi otentha ndi soda. Ndinatsuka, kupala ndi mpeni mpaka mitu kuwala, kumanga ndi sipanala, n'kupaka girisi. Pomanga sipanala inakhudza mitu iwiri nthawi imodzi, ndipo moto umene unathetheka pamenepo unandisiyira chipsera pachala. Titatchaja, kangolo kanatuluka m'shedi mwamphamvu, ine mtima n'kukhala pansi. Kanafika pageti n'kuima.

Ndinatsegula tizivindikiro ta pamwamba n'kusuzumira m'kati. Mabatire ena madzi anali ataphwa, zitsulo za m'katimo zili pamtunda. Madzi ake si a pampopi ayi, amenewo akuti amaononga. Dona anakagula a m'botolo ku sitolo ya mankhwala, ndipo ndinathira pang'onopang'ono mpaka zitsulo zitamira. Madzi a m'batire ndi oipa, akulu, amawatcha asidi. Timadontho take tinagwera pa kabudula wanga wa kaki, ndipo pochapa ndinapeza wabooka paliponse. Ngakhale zinatero, kangolo kanangowonjezera mtunda pang'ono, kuchoka pageti kufika pamtengo wa mkuyu.

Kenaka ndinakayikira tchaja. Ndikailumikiza, kasingano kankakwera n'kutsika msanga, ngati mabatire akhuta, chonsecho sanadye kanthu. Ndinamasula pulagi n'kupeza kawaya kamodzi katatsala pang'ono kuduka. Nditakalumikiza bwino, kasingano kanakwera n'kukhala pomwepo. Tsiku limenelo ndinavina ndekha m'shedi. Mabatire anayamba kuwira m'kati ngati mowa wogona, fungo la mazira oola lili thoo. Koma powagwira ndi dzanja, onse anali ofunda chabe kupatula limodzi lapakati, limene linatentha moti sindikanatha kuligwira nthawi yaitali. Sindinadziwe ngati kutenthako n'kudya bwino kapena n'kudwala. Kutacha bwana anakwera, tinapita mpaka kadzenje kachiwiri, ndipo kumeneko kanafa. Ndinaikanso phewa.

Mvetsani tsono chifundo cha a Tsimphina. Ataona kuti ndikupuma mwawefuwefu pamtunda, anati akundimvera chisoni, mabatire aja akungondilemetsa chabe, tiwachotse. Tinawatsitsa n'kuwayala pamatabwa m'shedi. Kangolo kanapepukadi, sindinama. Kuyambira pamenepo kamatuluka tsiku ndi tsiku, bwana kutsogolo akukhotetsa n'kumaimba nyimbo za usilikali, ine kumbuyo. Anzanga anasiya kunditchula dzina langa, akuti ndine a Batire. Azungu anzawo akationa amaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo wina anafunsa ngati angandibwereke Loweruka.

Ndiye inu mukuona mmene zakhalira. Pakhomo pano palibenso amene akufuna kuti mabatire achire, koma ine ndekha.

A Gaspar atandiuza za a Andreya, ndinavala malaya ochapa n'kupita kukhonde, a Narciso akundimasulira kuti pasatayike mawu. Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse, za mvula, za munda wa apongozi, ndi za mwana amene ndinamusiya akukwawa. Bwana anamvetsera ndithu, sanandikalipire. Anati mkazi amene wadikira zaka zonsezi sangalephere kudikira miyezi ina pang'ono. Anatinso kwawo ukwati amathetsa ndi woweruza, osati amalume, ndipo a Andreya akungondiopseza. A Narciso anayesa kuwafotokozera kuti kwathu mwini mbumba akanena wanena, koma iwo ankangopukusa mutu n'kumaseka.

Ndinati apeze wina wokankha. Anati anayesapo kale m'maganizo. A Aroni, amene amathirira udzu, ndi okalamba, ndipo enawo amakankha mogwedeza, mwendo wa bwana uja umapweteka. Ine ndiye ndimadziwa poimitsa, pochepetsa, ndi pokhota. Komanso kukubwera mpikisano wa asilikali akale chisanathe chaka, ndipo sangaulephere. Pomaliza anakweza dzanja n'kulumbira kuti tsiku limene kangolo kadzazungulire bwalo lonse kokha, adzasaina chitupa changa tsiku lomwelo, n'kundiperekeza okha kukakwera basi. Atatero anauza a Narciso kuti andipatse tiyi wamkaka ndi buledi. Ndinamwa tiyi uja misozi ili m'maso, chifukwa munthu wokumanga akumwetulira sudziwa pomuyambira.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangothawa. Ndaganizapo, akulu, kambirimbiri. Chitupa changa chili m'dirowa mwa bwana. Wopanda chitupa chosainidwa safika patali, apolisi a ku Mtoko amatsitsa anthu m'basi n'kuwabweza ali m'maunyolo. Tinene kuti ndadutsa m'tchire, ndaoloka Zambezi, ndafika. Shefu wa ku posito, mkulu wa boma la Apwitikizi kwathuko, adzafuna pepala losonyeza kumene ndimagwira ntchito ndi mmene ndinachokera. Ndikadzalephera, asupayi, apolisi ake aja, adzanditengera ku chibalo, ntchito yokakamiza ija, ndipo apongozi adzandiona ndikudutsa pamsewu chingwe chili m'chiuno. Khasu la ku Mwaladzi sindidzaligwirabe. Njira imene ndili nayo ndi imodzi basi, ndiyo ya mabatire aja ali pamatabwa.

Anzanga ataona mmene ndawondera anayamba kundithandiza nzeru. A Aroni, amene amapemphera ku Ziyoni, anapempha kuti awasanjike manja, ndipo ine sindinakane. Wina anati tiponyemo mapiritsi a mutu, akuti dalaivala wina amatero, ndipo tinaponyamo. Koma nzeru imene tonse tinaikhulupirira inali ya a Narciso. Iwo ali ndi tochi, ndipo mabatire ake akafooka amawayanika padzuwa, madzulo n'kuwalanso. Ndi maso angawa ndinaonapo zimenezo. Anati batire ndi batire, kusiyana kwake ndi kukula chabe, ndiye aakuluwa akufuna dzuwa lalikulu. Dzuwa la mwezi uno ndiye silisowa.

Lamulungu, bwana ndi Dona atapita ku tchalitchi ndi kukacheza, ine, a Narciso ndi a Aroni tinawanyamula onse n'kuwayanika pasimenti kuseri kwa khitchini. Tinakhala pamthunzi n'kumawayang'ana, a Narciso akundiuza kale zoti ndikawaperekere moni ku Furankungo. Chimene sitinaganize n'chakuti pamwamba pa mabatirewa anamata ndi phula. Pofika masana phula lija linafewa, pa awiri linang'ambika, ndipo asidi anatsikira pasimenti n'kumachita thovu mpaka kukafika pa maluwa a Dona. Tinathamanga nawo kubwerera m'shedi. A Narciso anatenthetsa supuni pamoto n'kumata ming'alu ija, ine ndikuthira madzi pasimenti. Palibe amene anadzudzula mnzake. Titamaliza tinangokhala pansi atatu tonse mpaka galimoto ya bwana inalira pageti.

Maluwa aja anafota, ndipo Dona anatopa ndi fungo la m'shedi. Ndiwo anaitana makanika wa ku galaja ya m'tauni, mzungu wa Chigiriki. Anabwera ndi kabotolo kakatali kokhala ndi mphira kumutu. Ankayamwa madzi pabowo lililonse n'kuyang'ana kanthu koyandama m'katimo. Pa mabatire ena kanthuko kankayandama pang'ono, koma pa lotentha lija kanamira mpaka pansi. Anati limenelo linali lodwala kale kangolo kasanagulidwe, ndipo ndi limene linkalanda chakudya cha anzake n'kungochisandutsa kutentha. Poti onse amakoka pamodzi, lofookalo linafooketsa ena. Tsopano akufa ndi atatu, kuphatikizapo awiri a padzuwa aja. Za dzuwazo sitinamuuze, koma anayang'ana phula lomatidwa ndi supuni lija, natiyang'ana ife.

Ndinapempha a Narciso amufunse ngati tingaikemo mabatire a galimoto, poti amenewo m'tauni muno ndi ambiri. Anati angayende masiku ochepa n'kufa, chifukwa a galimoto anapangidwira kudzutsa injini basi, osati kukoka tsiku lonse. Ndinafunsanso ngati tingagule atatu okha. Anati atsopano ukawasakaniza ndi akale, akalewo amapha atsopano, ndiye afunika onse asanu ndi limodzi. A mtundu umenewu akuti iye alibe, ayenera kuitanitsa kunja, abwere pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira. Akaitanitsa lero, angafike Khirisimasi itapita.

Pamenepo ndinawerenga miyezi pazala, n'kuona kuti mvula yoyamba idzakhala itagwa kale. Komabe mumtima ndinati ngati ndi Januwale, mwina a Andreya angamve, ndikanakhala ndi mwezi woutchula. Makanika anatchula mtengo wake. Bwana analiza kamluzu, nakanda kumutu, kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine kuyambira kumapewa mpaka kumiyendo. Anauza makanika kuti palibe changu, aganiza kaye. Mpaka lero akuganizabe. Ndawakumbutsa kawiri, ndipo kachiwiriko nkhope inasintha, moti a Narciso anandikoka malaya kuti ndisiye.

Sindinaleke kuyesa. M'mamawa ndisanayambe kuthirira ndimalowa m'shedi, kupukuta mitu, kuona madzi, n'kusinthasintha mawaya. Ndinayesa kulumikiza atatu amoyo aja okha. Kangolo kanayenda ngati bilimankhwe popanda munthu, koma nditangokhalapo ine kanaima. Akufa aja ndimawaikabe pa tchaja, kaya mwina tsiku lina angadzidzimuke. Ndikudziwa kuti n'zachabe, koma ndikapanda kutero ndiye kuti ndavomera. Nzeru zandithera, akulu, ndipo ndilibe kolowera. Masana ndikamakankha ndimaona mitambo ikuunjikana chakumpoto, mbali ya kwathu, ndipo bwana amakondwa kuti udzu wa pabwalo ubiriwira.

Za m'tauni muno ndi zochepa. Kukutentha koopsa, ndipo mitengo ya m'misewu yachita maluwa ofiirira amene akungoyoyoka paliponse. A Gaspar apeza ntchito pa uvuni wa njerwa, akugona kwa anthu akwathu. Semu, mwana wa a Ermelinda a kutsidya kwa dambo, ndinamva kuti anapita ku Buluwayo ndipo ali pa njanji. Mukawauze amake kuti ali moyo, aleke kulira. Kumalokeshoni kukuchitika misonkhano ndipo apolisi achuluka, koma ine sindipitako, mavuto anga andikwana.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Musakakangane ndi a Andreya, ndipo musakawalonjeze mwezi uliwonse m'dzina langa, chifukwa ine mwiniwakene sindikuudziwa. Chimene ndikupempha n'chakuti mutume alamu anga a Margarida apite ku Mwaladzi, akapeze amake Lidiya paokha, kaya kumtsinje kaya ku nkhuni, popanda mwamuna aliyense pafupi. Akawauze zonse zimene zili m'kalata muno, ndi za kukankha zomwe, asabise kanthu. Akatero akawafunse ngati iwo eni ake, osati amalume awo, angathe kundidikira dzinja limodzi ili. Mawu a a Andreya ndawamva, koma a Celestina sindinawamve, ndipo amene ndinakwatira ndi Celestina.

Akavomera, mutenge nkhuku mupite nayo kwa a Andreya mukagwade m'malo mwanga, ndipo anyamata anu akathandize kulima mizere ingapo kuti apongozi aone kuti kwathu kuli anthu. Bulangeti ndi kadiresi ndapatsira amene abweretse kalatayi.

Koma akakana, kapena akangoweramitsa mutu osayankha, alamu asawakakamize. Munthu watopa, ndipo sanalakwe. Mukatero mukawasudzule bwinobwino pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, kuti asadzanenedwe kuti analowa m'nyumba ina akadali mkazi wa mwini. Mawu oipa asatuluke pakamwa pa aliyense wa kwathu. Khasu langa ndi nkhwangwa mukatenge, mukazisunge kwa amayi. A Andreya adzakuuzani kuti muzulenso chitseko, poti ndinasema ndine ndi mlombwa wa kwathu ndipo mkamwini amachoka ndi zake. Chitsekocho musachotse, akulu. Kuseri kwake kumagona Lidiya, ndipo ku Mwaladzi afisi amayenda kwambiri nthawi ya dzinja.

Mundiperekere moni kwa amayi. Za kukankhazi iwo okha musawauze, mungoti mwana wawo amasamala galimoto ya mzungu ndipo akudya bwino. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a ku Nsadzo, kwa achemwali athu ndi amuna awo, ndi kwa ana anu onse kuyambira wamkulu mpaka wakumsana. Apongozi anga ndi a Andreya muwapatse moni mwaulemu wonse, pakuti mpaka lero akadali apongozi anga. A Narciso ndi a Aroni akuti moni ngakhale simudziwana. Lidiya mukamunyamule m'malo mwanga, ndipo poyankha mundiuze kuti akaimirira pafupi nanu, mutu wake ukufika pati.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yonasi